Mwini Thupi ndi Ndani? Banja ndi Opaleshoni Yochepetsa Kunenepa

Opaleshoni yochepetsa kunenepa imachitika pa chifu, osati pa mafuta monga ambiri amaganizira. Njira yofala masiku ano ndi yodula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu n'kusiyako kathumba kotalika ngati nthochi. Njira ina ndi yosoka kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono, kuti chakudya chizilambalala mbali ina. Munthu amakhuta msanga, njala imachepa, ndipo kwa ambiri matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimatsika. Kuyambira mu 1991 madokotala ambiri ankalola opaleshoniyi kwa munthu amene BMI yake (muyeso woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) yafika 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ena obwera ndi kunenepa. Mu 2022 mabungwe a akatswiri anatsitsako malirewo. Mmalawi woifuna kawirikawiri amayang'ana ku South Africa kapena ku India, ndipo mtengo wake ndi woti banja lisonkherane.

Nkhani yotere ikafika m'minda ya tiyi ya ku Thyolo imamveka yachilendo. Wothyola tiyi ku Satemwa, ku Conforzi kapena ku Naming'omba, amene amakwera chitunda dengu lili kumsana, sakhala ndi mafuta otsala. Komabe banja lomwelo limakhala ndi kalaliki wa mu ofesi, mayi wa geni pamsika wa Bvumbwe, kapena mwana amene ali ku Johannesburg, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kuposa muyeso. Chovuta kwambiri ndi zimene anthu akukumbukirabe. Boma la Thyolo linasautsika ndi Edzi. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito kumeneko mu 1997 ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003. Amene anaika m'manda abale awo atatha thupi ndi kaliwondewonde amamva mawu akuti "Mwanenepatu, achemwali!" ngati chiyamiko. Wina akanena kuti akufuna kulipira ndalama kuti awonde, agogo amadabwa ndi mtima wonse, ndipo kudabwa kwawo si umbuli.

Apa ndi pamene funso la chipembedzo limalowa: kodi munthu ali ndi chilolezo chodula chiwalo chimene Mulungu anamulenga nacho chili bwinobwino? Ku Makwasa kuli mishoni ya Malamulo, imene Aseveni anaitenga mu 1902, ndipo chipatala chake n'chodziwika ndi ntchito ya opaleshoni. Mpingowu umatsindika chiphunzitso cha Paulo kwa Akorinto chonena za thupi monga malo opatulika a Mzimu Woyera. Chiphunzitso chomwecho anthu amachimva pawiri. Ena amati woyang'anira malo opatulika ayenera kudziletsa pa kadyedwe, ndipo kuthamangira mpeni ndi kuthawa udindo. Ena amati woyang'anira amene akuona denga likugwa n'kukana mmisiri ndiye walephera udindo wake. Akatolika ali ndi yankho lakale, limene Papa Pius XII analifotokoza mu 1952: chiwalo chimodzi chingachotsedwe ngati kutero kupulumutsa thupi lonse. Akatswiri ambiri a Chisilamu nawonso amasiyanitsa kusintha thupi pofuna kukongola ndi kuchita opaleshoni pofuna kuchira, ndipo chachiwirichi amachilola.

Maganizo oyamba aja, oti kuthamangira mpeni ndi kuthawa udindo, ali ndi choonadi pang'ono, koma amafulumira kuweruza. Amayesa kunenepa konse ndi dyera, pamene chibadwa, mankhwala ena, ndi mmene thupi limabwezera kulemera kumene lataya zimachitanso mbali yaikulu. Ndipo opaleshoni sichotsa kudziletsa. Imasandutsa kudziletsako kukhala lamulo la moyo wonse.

Funso lina ndi la amene ayenera kugamula. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja a ku Thyolo, nkhani yaikulu ya mwana wa mlongo imadutsa kwa amalume, eni mbumba. Kuchipatala, munthu wamkulu wa maganizo abwino amasaina yekha pepala lovomereza. Ziwirizi zimatheka kuyendera limodzi ngati aliyense adziwa malire ake. Amalume ali ndi ufulu wofunsa mafunso olimba: dokotalayo wachitapo kangati opaleshoni yotere, msoko ukachucha m'mimba wodwalayo adzathandizidwa kuti, akabwerera kumudzi adzamuona ndani. Kuletsa ndiye alibe mphamvu yake, ndipo kukakamiza nakonso n'kulakwa komweko. Mwamuna amene akukankha mkazi wake kuti akadulidwe chifukwa cha manyazi a iye mwini sakumuthandiza ayi.

Thandizo lenileni la banja limaoneka pambuyo pa opaleshoni. Gadiyani amagona kuchipatala, koma ntchito yaikulu ili kukhitchini. Masabata oyamba wodwala amamwa zamadzimadzi zokha, kenako phala lopyapyala, ndipo ngakhale atachira, mtanda umodzi wa nsima umamukanika. Amadya pang'onopang'ono, amayamba ndi nyemba, dzira kapena usipa, ndipo madzi amamwa nthawi yosiyana ndi chakudya. Kwathu kuno kusiya chakudya m'mbale kumaoneka ngati kunyoza wophika, choncho pamaliro kapena paukwati pamafunika m'bale woti anene kuti, "Asiyeni amayi, adokotala anawaletsa," wodwalayo asanayambe kudzifotokoza yekha. Mavitamini, makamaka B12, ndi mankhwala owonjezera magazi amafunika moyo wonse, ndipo wina ayenera kuwagula mwezi ndi mwezi. Mayi amene akadali pa msinkhu wobereka amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, zimene zimafuna kuti mwamuna ndi apongozi azimve opaleshoni isanachitike. Thupi likayamba kutsika mofulumira, miseche ya m'nyumba za pa esiteti imayambanso, ndipo banja liyenera kugwirizana ndi mwini wake za amene auzidwe ndi zimene auzidwe.