Mtsutso: Jakisoni Wochepetsa Chilakolako cha Chakudya

Wapampando: Mutu wathu ukuti, munthu wonenepa kwambiri azidziletsa yekha pakamwa, asadalire jakisoni. Wovomereza ayambe.

Wovomereza: A Wapampando, ife a ku Mecanhelas njala timaidziwa. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, matemba adasowa ndipo mabanja adavutika. Lero munthu alipire ndalama kuti asamve njala? Ozempic ndi Wegovy, mankhwala a kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, ndi a anthu ongokhala pampando. Wonenepa agwire khasu, achepetse nsima ndi mandasi. Kususuka sikuchira ndi singano.

Wotsutsa: Achimwene, mwatchula khasu. Ndi amayi angati kuno amene amalawirira kudambo kukalima mpunga, masana n'kukatunga madzi, koma thupi osatsika, shuga ndi BP zikuwasautsa? Amenewo ndi aulesi? Munthu akadya, matumbo amatulutsa homoni ya GLP-1 imene imauza ubongo kuti wakhuta. Mankhwala a semaglutide, amene ali mu Ozempic ndi Wegovy, amagwira ntchito ngati homoniyo. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo maganizo a zonona ndi zotsekemera, amene amamuvutitsa munthu ngakhale atangosamba m'manja kumene, amazilala. Pa kafukufuku wa STEP 1 wa mu 2021, obayidwa kamodzi pa sabata adatsika thupi ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse m'masabata 68.

Wovomereza: Malizani nkhaniyo, achemwali! Atasiya kubayitsa, patatha chaka chimodzi magawo awiri mwa atatu a thupi limene adataya adabwerera. Nanga nseru, kusanza, kutsegula m'mimba? Jakisoniyo amasungidwa m'furiji. Kumidzi ya ku Chiuta furijiyo muipeza kuti? Ndalama zake azikwanitsa ndani kuno pa Insaca?

Wotsutsa: Mwadzitsutsa nokha. Wodwala BP akasiya mapiritsi, magazi amathamanganso, koma palibe amamunena kuti ndi wofooka mtima. Kubwerera kwa thupiko ndiko kukuonetsa kuti vuto lili m'thupi. Furiji? Katemera wa ana amafunanso furiji, ndipo amafika kumidzi. Mtengo ndi wokwera, inde. Ma ARV nawonso poyamba ankati ndi a olemera, lero m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Limbanani ndi mtengowo, musiyeni wodwala.

Wovomereza: Mukufananiza Edzi ndi dyera?

Wotsutsa: Ndikunena za mtima wanuwo. Munthu akaonda mumanong'onezana kuti ali ndi kachilombo, akanenepa mumamuseka kuti ndi wosusuka. Inuyo mumatha mitanda isanu ya nsima, tonse timaona, koma simunenepa. Mudagwira ntchito yanji kuti mukhale ndi thupi limenelo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wovomereza: A Wapampando, akundinyoza!

Wotsutsa: Mawu amodzi okha akupwetekani chonchi. Mayi amene mumamutcha wosusuka pamsika amawamva tsiku lililonse, ndipo ena asiya n'kupita kusikelo kuopa kusekedwa.