Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwana, mbozi ndi gulugufe

Mvula ikangokata, nkhono zimatuluka pansi pa nthochi ndi m'mbali mwa mipanda. Mwana akaona imodzi amathamangira kuitola, nayo imabweza mutu m'chigoba, basi zathera pomwepo. Koma amene wakhala pansi phee, manja ali kumbuyo, amaona tinyanga tiwiri titalititali tikusomphoka pang'onopang'ono, kalikonse kali ndi kadontho kakuda kunsonga. Amenewo ndiwo maso ake, ndipo m'pamene makolo anatola mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri amautchula polimbitsa mtima munthu amene akudikira ntchito kapena chigamulo kubwalo la amfumu. N'zoona, komabe kudekha kwa m'mwambiwu si kukhala manja lende. Woona maso a nkhono amakhala ali pantchito: maso ali tcheru, dzanja waliletsa. Kuletsa dzanjako ndiye kovuta, makamaka kwa mwana wa zaka 5, ndipo ulaliki suthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza chili pamtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba.

Gulugufe wamkulu wakuda wamawanga achikasu, amene asayansi amamutcha Papilio demodocus, amaikira mazira pamasamba anthete a mandimu ndi malalanje, limodzilimodzi. Dziralo limaswa sabata isanathe. Kambozi kotulukamo n'kodera ndi koyera, kofanana ndendende ndi chitosi cha mbalame, moti mbalame zimene zikanakadya zimangokadutsa. Kholo lingathyole kanthambi kamene kali ndi mboziyo n'kukaika m'chigubu cha pulasitiki chokamwa kwambiri, kukamwako n'kuphimba ndi kachidutswa ka neti yotha ntchito. M'katimo muime kamtengo kouma. Chigubucho chikhale pamthunzi, kutali ndi nyerere. Ntchito ya mwana ndi kubweretsa masamba atsopano tsiku lililonse, a mtengo wa mtundu womwewo komanso osapoperedwa mankhwala, ndi kutaya tizitosi tapansi. Mbozi ya pamandimu siidya chimanga kapena chisoso ngakhale njala itaipweteka chotani. Chiyabwe ndi mbozi zina zaubweya zisiyidwe kutchire, chifukwa zimayabwa pakhungu.

Mayeso oyamba amabwera msanga. Tsiku lina mbozi imasiya kudya, n'kungokhala duu patsamba. Mwana amafuula kuti, “Amayi, yafa!” ndipo chala chimakhala chayamba kale ulendo. Siinafe, ikufuna kufundula. Khungu la mbozi silikula nayo limodzi, choncho imalivula kanayi isanafike pomanga chikwa, ndipo pamapeto pake imasanduka yobiriwira, yonenepa bwino. Ikachotsedwa pamalo pake panthawi imeneyi imatha kulephera kufundula n'kufa. Yaikulu ikagwedezedwa imatulutsa kanyanga kamphanda kofiirira kuseri kwa mutu, konunkha kwambiri, ndipo ana amaseka mpaka misozi. Kamodzi n'kokwanira, kuiputa mobwerezabwereza ndi kuitopetsa chabe.

Pakatha pafupifupi mwezi, mbozi imakwera kamtengo kaja, kudzimangirira ndi kaulusi m'chiuno, n'kusanduka chikwa. Apa ndiye pagona mwambi wonse. Palibenso chodyetsa, palibe choyenda. Kwa masabata awiri kapena atatu m'nyengo yotentha, mwana amadzuka n'kupeza chinthu chomwechija pamalo omwewo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye chimatha kukhalitsa kuposa pamenepo, ndipo nthawi zambiri amene amayamba kutopa ndi wamkulu, n'kunena kuti chigubuchi chikungodetsa pakhonde. Kholo lotaya chikwa chamoyo limaphunzitsa mwana phunziro lina, losiyana ndi limene linkafuna.

Kudekha kotereku kunasinthapo sayansi. Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647, anayamba kuweta mbozi za silika ali ndi zaka 13, panthawi imene anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa kuchokera m'matope. Iye ankadyetsa mbozi, kudikira, n'kujambula chilichonse chimene waona: dzira, mbozi, chikwa, gulugufe, pamodzi ndi chomera chake. Buku lake la mbozi linatuluka mu 1679, ndipo mu 1699, ali ndi zaka 52, anakwera chombo ndi mwana wake wamkazi kupita ku Suriname kukachita zomwezo. Mwana wa ku Dedza kapena ku Katete amene wapatsidwa kope ndi pensulo kuti azijambula mbozi yake m'mawa uliwonse akuyenda m'njira yomweyo, ndipo kujambulako kumapatsa dzanja lofuna kugwira chochita.

Si chikwa chilichonse chimene chimatulutsa gulugufe. Nthawi zina mumatuluka timavu kapena ntchentche zimene mazira ake anaikiridwa m'thupi la mbozi isanatoledwe. Mwana akalira, auzidwe zoona: sanalakwitse kanthu, ndipo tizilombo timeneti ndi timene timateteza mbande za mandimu kuti mbozi zisazimalize.

Chikwa chikayamba kuda, mawanga a mapiko n'kumaonekera m'kati, ndiye kuti tsiku layandikira, ndipo kawirikawiri gulugufe amatuluka m'mawa. Amatuluka ali wonyowa, mapiko ali okwinyika, mimba itatupa, wosasangalatsa n'komwe. Amalendewera pakamtengo n'kumapopera madzi a m'thupi mwake m'mitsempha ya mapiko mpaka atatambasuka, kenako amadikira ola limodzi kapena awiri kuti aume. Mwana wachifundo amafuna kumuthandiza kuwongola, koma phiko logwidwa lisanaume limauma lili lopindika, ndipo gulugufeyo sadzaulukanso. Akayamba kukupiza mapiko mwamphamvu, chigubu chitulutsidwe panja pafupi ndi maluwa, mwanayo achotse yekha neti ija tsiku lomwelo, chifukwa gulugufe afunika kukamwa timadzi ta m'maluwa ndi kukapeza mnzake.