Kodi Mau Anu Ndi a Yani?

Acinyamata anzanga, pa cisankho timasankha munthu woti akatilankhulire ku Nyumba ya Malamulo. Koma pa referendamu palibe wotilankhulira. Funso limabwera kwa inu eni ake kuti muyankhe inde kapena iai. Nanga pa tsiku lotere cipani ciri ndi nchito yanji?

Referendamu ikhoza kupatsa zipani moyo. Ku Malawi pa 14 June 1993 anthu anasankha nyali, nakana tambala wakuda, ndipo zipani zambiri zinaloledwa. Koma cipani cikhozanso kumeza referendamu. Kuno kwathu mu June 1969, UNIP inapempha anthu kuti acotse lamulo loletsa kusintha mbali zazikulu za malamulo a dziko popanda kufunsa anthu. Oposa 80 pa 100 alionse anavomera. Pofika December 1972 Zambia inakhala ya cipani cimodzi, ndipo sipanafunikenso referendamu. Anthu anapereka okha mfungulo ya nyumba yao.

Kumbukiraninso za pa 11 August 2016. Funso linali lokhudza maufulu a anthu, kuphatikizapo madzi abwino, nyumba, cakudya ndi cithandizo ca kucipatala. Tsiku lomwelo tinali kusankhanso pulezidenti. PF inati tivotere diso, ndiko kuti inde. UPND inati khutu, ndiko kuti iai. Mwa mavoti osawonongeka, 71 pa 100 anali ovomera, koma ovota anali 44 pa 100 cabe, osafika theka limene lamulo limafuna. Maufuluwo sanalowe m'malamulo.

Tsopano dzifunseni. Ku Kanyama ndi ku Cawama, kumene madzi amasefukira m'dzinja ndipo kolera imatilanda abale, ndi angati anawerenga zimene zinalembedwa? Ndi angati anangoyang'ana mtundu wa citenge? Madzi oipa safunsa khadi la cipani.

Zipani si zoipa. Zimasonkhanitsa anthu ndi kufotokoza nkhani zovuta. Koma nchito yao ndi kulangiza, osati kukuganizirani. Cikumbumtima sicibwerekedwa ngati mpando wa pa maliro. Wovomera cifukwa ca cipani ndi wokana cifukwa ca cipani alakwa mofanana, pakuti onse ayankha funso limene sanafunsidwe.

Funso lotere likadzabweranso, liwerengeni pamodzi m'gulu lanu, mverani mbali zonse, kenaka muyankhe ndi mau anuanu.