Amasiye a Chigiriki ndi makomuredi a ku Mandava

Gulu lililonse lolimbana ndi opondereza limakhala ndi mawu ake, ndipo kuno ku Mandava, komboni ya ku Zvishavane mu Zimbabwe, tidawaloweza tili ana: komuredi, povo, pamberi, pasi. Palinso lija loti mutengesi, kutanthauza wogulitsa anzake, limene likakugwera pamsonkhano ngakhale mlamu wako amasendera kutali pabenchi. Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi: kodi wodandaula m'kati mwa gulu lomenyera chilungamo akuliphwasula, kapena akulithandiza?

Ife adzukulu a anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzakumba asibesitosi kumgodi wa Shabanie tili nacho chifukwa chofunsira. Azigogo athu sadali ongoonerera ayi. Sitiraka ya pamgodi wa Shamva mu 1927 adaitsogolera ndi anthu akwathu. Koma lamulo la unzika litasintha mu 2001, ambiri obadwira m'makomboni a Zvishavane momwe muno adangotsala ndi chitupa cholembedwa ALIEN, chisankho cha 2002 n'kuwapitirira. Pamsonkhano wina wa apantchito, mdala wina wachifuwa cha fumbi lamumgodi adaimirira, chipewa kumanja, n'kufunsa za zitupazo m'Chishona chake chomveka Chichewa. Wapampando adayankha mwaulemu ndithu: "Komuredi, nkhani imeneyo igawanitsa anthu. Tithane kaye ndi mdani wamkulu." Mdala uja adakhala pansi, akutsokomola. Msonkhano utatha anyamata ena panja ankamuseka kuti mubhurandaya, dzina lonyozera anthu akwathu.

Wapampandoyo sindimuyesa munthu woipa mtima. Mabwana amakondwadi antchito akamakangana, ndipo mutu umodzi susenza denga. Kungoti mawu oti "mukugawa anthu" sachedwa kusanduka chibonga. Edgar Tekere adachotsedwa m'chipani cha ZANU-PF mu 1988 atadzudzula katangale ndi maganizo a chipani chimodzi. Munyaradzi Gwisai, wasosholizimu amene adali phungu wa Highfield, chipani cha MDC chidamupitikitsa mu 2002. Ndipo tisadziyeretse: Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, amene adayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919, naye adathamangitsa makomyunisiti m'bungwelo mu 1926.

Ine yankho ndimalipeza m'Baibulo, pa Machitidwe 6. Mpingo wa ku Yerusalemu unkagawana zonse, moti asosholizimu athu akadaukonda. Komabe olankhula Chigiriki adayamba kung'ung'udza kuti amasiye awo akulambalalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Tangoganizani nthawi yake: Petro ndi Yohane adali atalowapo kale m'ndende, akuluakulu a kukachisi ali tcheru. Mdani wamkulu adalipo, woopsa zedi. Atumwi akadatha kunena kuti abale, ino si nthawi yokambirana za mbale. M'malo mwake adasonkhanitsa khamu lonse, pakasankhidwa amuna 7 oyang'anira kagawidweko, ndipo onsewo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, ali ndi mayina a Chigiriki. Ntchito idaperekedwa kumbali yomwe kudachokera dandaulo. Palibe paliponse pamene pakunena kuti odandaulawo adadzudzulidwa.

Nchifukwa chake ndimati wodandaula uja ndiye wokhulupirikadi. Munthu sadandaulira gulu limene walitaya kale mumtima, amangonyamuka. Mdala uja ankakhulupirira kuti mawu oti komuredi akukhudza iyenso, ndipo amene adaphwanya umodzi tsiku lija ndi amene adamuuza kuti adikire.

Adadikiradi anthu athu mpaka 2013, pamene malamulo atsopano oyendetsera dziko adavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Ena adatsikira kulichete tsikulo lisanafike. Enanso alipo m'makomboni a Mandava ndi Maglas amene akusungabe chitupa chakale chija m'chikwama, poopa mizere ndi mafunso. Inu a m'makomiti a antchito ndi a m'mipingo, alembeni mayina agogo amenewa, muwaperekeze kukasinthitsa zitupa zawo chisankho china chisanafike.