Chinthu chosatseguka ndi cha yani?

Njinga ya ku Chipata siifa msanga. Ikaphulika tayala, pansi pa mtengo wa mango pali munthu wa sipanala ndi beseni la madzi loyeseramo chubu. Ikaduka tcheni, amalumikiza. Fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle mumzinda uno idaleka ntchito kalekale, koma kuchokera ku Kapata mpaka ku Madzimoyo, pa msewu wa Great East, anthu akupalasabe njinga zimene zaona eni ake atatu kapena anayi. Njinga sibisa kanthu. Chitsulo chilichonse chili poyera, ndipo amene ali ndi maso akhoza kuphunzira mmene chimagwirira ntchito.

Tsono tengani kachipangizo komverera nyimbo kamene kali m'thumba mwanu, mukatembenuze. Kodi mukuona potsegulira? Ngati palibe, ndikufunseni: chinthu chimene simungatsegule, ndi chanu kapena mwangobwereka?

Funso limeneli lidayamba kale. Walkman ya Sony, imene idatuluka mu 1979, inkadya mabatire awiri ang'onoang'ono ogula pagolosale. Akatha, umangotsegula kachitseko n'kuikamo ena. Pa 23 October 2001 kampani ya Apple idalengeza iPod, yonyamula nyimbo pafupifupi 1,000, yosalala ngati mwala wa mumtsinje, yopanda kachitseko kalikonse. Batire lidatsekeredwa mkati. Mu 2003 anyamata awiri apachibale a ku New York, Casey ndi Van Neistat, adajambula kanema wodandaula kuti batire lawo litafa adauzidwa kuti kukonzetsa kudya ndalama pafupifupi zofanana ndi kugula yatsopano. Kanemayo adafala pa intaneti, ndipo chaka chomwecho Apple idayamba kusinthira anthu mabatire pa madola 99. Onani bwino: sadapatse mwini chinthu kiyi. Adangotsitsa mtengo wogogodera pakhomo pawo.

Amene amapanga zinthu zotere ali ndi yankho, ndipo si lopusa ayi. Amati munthu amagula nyimbo, sagula ntchito. Chinthu chomata ndi guluu sichilowa fumbi, sichiopa mvula kwambiri, n'chopepuka. Aliyense wodziwa fumbi la mwezi wa October kuno kum'mawa sangaseke mfundo imeneyi. Ndipo agogo amene akufuna kumva kwaya ya mpingo wawo ali pakhonde safuna kudziwa za mawaya. Ndimavomereza zonsezi. Si munthu aliyense amene adabadwa kuti akhale mmisiri, ndipo kukakamiza aliyense kukonda sikuludiraiva ndi nkhanza inanso.

Koma mawu akuti "chosavuta" amandikayikitsa, chifukwa satchula kuti chosavuta kwa yani, ndiponso pa tsiku liti. Mu 2009 Apple idatulutsa iPod shuffle yopanda mabatani osinthira nyimbo pathupi pake. Adawasamutsira pa chingwe cha mahedifoni. Pachithunzi inkaoneka yokongola zedi. Koma chingwe chikaduka, ndipo zingwe zimaduka, mahedifoni wamba a pamsika sakanatha kukweza mawu kapena kudumpha nyimbo. Chaka chotsatira mabatani adabwerera. Chinthu chikhoza kukhala chosavuta tsiku limene mwachigula, n'kukhala chovuta kotheratu tsiku limene chadwala. Wogulitsa amakuonetsani tsiku loyamba lokha. Masiku enawo mumakhala nokha.

Ndipo masiku enawo salemera mofanana kulikonse. Wa ku London chake chikafa amakwera sitima mphindi zochepa n'kukafika kwa eni kampani. Wa ku Madzimoyo ali pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, ndipo ndalama ya basi yokha ingapose mtengo wa chinthucho. Kwa iye wokonza ndi mnyamata wa pa kantemba, wa chitsulo chowotcherera mawaya ndi bokosi la mafoni akufa lochotsamo zida. Kampani ikamata chinthu kuti chisatseguke, kapena ikagwiritsa ntchito tomangira tachilendo tofuna chida chake chokha, imakhala yasankha kuti mnyamata ameneyu asadye, ngakhale kuti sidamuonepo nkhope. Apa ndi pamene ndimati nkhaniyi yachoka pa luso, yafika pa chilungamo. Wojambula pulani ali kutsidya la nyanja, koma dzanja lake lafika m'mbale ya munthu wa ku Saturday Market.

Anthu athu adapeza njira yawo osafunsa munthu. Kawayilesi kotchipa kochokera ku China, kokhala ndi polowetsa memory card ndi tochi pamwamba, nthawi zambiri kamagwiritsa ntchito batire la mtundu wa BL-5C, lija la mafoni akale a Nokia. Limachotsedwa ndi chikhadabo. Malaiti atavuta mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, munthu ankatha kukhala ndi mabatire awiri, lina likuimba lina lili pa chaja kwa mnzake wa sola. Nyimbo amakaikitsa pa kantemba, za Paul Ngozi pamodzi ndi za Yo Maps, ndipo siziona ngati muli ndi bandulo kapena ayi. Spotify idafika ku Zambia mu 2021, koma kumeneko nyimbo ndi za lendi. Mukaleka kulipira, zimene mudasunga zimatsekeka.

Musaganize kuti ndikukweza kawayilesi kameneka kumwamba. Kambiri n'kosalimba. Polowetsa chaja pamagwedera miyezi ingapo, sipika imayamba kulira ngati chule, ndipo poti n'kotchipa, ambiri sakonzetsa n'komwe. Amataya kudzala, batire lotupa n'kukapsa pamodzi ndi zinyalala pafupi ndi pamene ana amasewera. Chinthu chotseguka chimene palibe akufuna kuchitsegula sichisiyana kwenikweni ndi chomata. Choncho mlandu suli kwa opanga okha. Ife amene timapatsa njinga moyo wa zaka makumi awiri, bwanji kawayilesi timakaweruza kuti kafe pa kawaya kamodzi koduka?

M'kalasi ndimaona chinthu china chimene sichilowa m'masamu a ndalama. Mukaika wayilesi yakufa pa tebulo n'kupatsa ana chotsegulira, ngakhale aja amene amagona pa phunziro la magetsi amadzuka. Amafuna kuona njira imene moto umayenda kuchoka pa batire kufika pa sipika. Mwana amene wakula ndi zinthu zosatseguka zokhazokha amaphunzira kuti makina ndi matsenga a anthu ena, oti iye azingodina. Ulesi umenewo si wobadwa nawo. Amachita kuuphunzitsidwa ndi zinthu zimene timamugulira.

Kwina malamulo ayamba kusintha. France idayamba mu 2021 kukakamiza ogulitsa kulemba pa mafoni ndi katundu wina malikisi osonyeza ngati chinthucho n'chosavuta kukonza. Mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo mu 2023 lakuti kuyambira February 2027, mabatire a zipangizo zambiri zonyamula m'manja azitheka kuchotsedwa ndi mwini wake. Ife sitidakhale nawo pa bwalo limenelo, koma mwina tidzadyako, popeza fakitale sikonda kupanga mitundu iwiri ya chinthu chimodzi. Zimandiwawa pang'ono kuti ufulu wa wokonza wa ku Chipata ukuyembekezera voti ya ku Brussels.

Apple idaleka kupanga iPod mu May 2022. Zimene zikuimbabe lero zambiri ndi zija zakale zokhuthala za iPod classic, zimene anthu ouma mutu amazikanula ndi kachitsulo, n'kuchotsa hard drive, n'kuikamo memory card ndi batire latsopano. Ena amaikamonso pulogalamu yaulere ya Rockbox m'malo mwa ya kampani. Zing'onozing'ono zija zomata, zimene zinkatamandidwa chifukwa cha kupyapyala, batire likatupa limakankha galasi kuchokera mkati, ndipo okonza ambiri amangozibweza kwa mwini wake.