"Iyo ndi Yanga!"

Pali masewera ena amene palibe anatiphunzitsa, koma tonse tinawasewera. Ana akhala m'mbali mwa msewu, galimoto yatulukira poteropo, ndipo woyamba kukuwa kuti "iyo ndi yanga!" ndiye mwini wake. Malamulo ake ndi okhwima. Ukachedwa kukuwa, udikire ina. Ukakuwa msanga usanaione bwino, nkupezeka kuti ndi chilole chofuka utsi, ndi chako basi, anzako akuseke mpaka madzulo. Inu amene munakulira ku Namitete kapena ku Mpingu, pa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, munali mabwana, chifukwa pofika masana munthu umakhala uli ndi mabasi angapo. Mwana wa ku Chiwamba, kumene galimoto siziwirikiza choncho, amayamba kukanganirana ngakhale njinga yamoto ya kabaza.

Funso langa sabata ino, abale a pa gulu lino, ndi ili: kodi mwana uja amanama?

Musafulumire kuyankha kuti eya. N'zoona kuti alibe makiyi, alibe mapepala, ndipo basi ija ikakhota pa kona sadzaionanso mwina mpaka mawa. Koma mufunseni za basi yakeyo. Akuuzani mtundu wake, mawu olembedwa kumbuyo, kuti nyali yakumanzere inasweka, kuti hutala yake imalira mosiyana ndi zinzake. Ndiye mufunse munthu wamkulu amene watsika mu basi yomweyo, amene walipira ndalama nkukhalamo maola awiri. Nthawi zambiri sakudziwa ngakhale mtundu wake. Anali pa foni, kapena amawerengera chenji chimene kondakitala sanamubwezere. Wina wakwera osaiona, wina waiona osakwera. Ndani mwa awiriwa amene basi ija yakhaladi m'moyo mwake tsiku limenelo?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Timakonda kunena mwambi umenewu polimbikitsa munthu amene akudikira ntchito kapena banja, ngati kuti kudekha ndi mtengo umene umalipira kuti upeze phindu. Koma taganizani, maso a nkhono ukawaona umapindula chiyani? Sungawagulitse, sungawadye. Wangoona basi. Ine ndimaona ngati mwambiwu ukunena za mtundu wina wa chuma, chimene umachipeza pongokhala chete nkuyang'anitsitsa chinthu osafuna kanthu kwa icho.

Si kuno kokha. Ku Britain kuli anthu akuluakulu, a imvi zawo, amene amaima pa siteshoni ndi kabuku nkumalemba manambala a mitu ya sitima zodutsa. Mu 1942 mnyamata wina wogwira ntchito ku kampani ya njanji, Ian Allan, anasindikiza kabuku ka manambala amenewa, ndipo kanagulidwa kwambiri. Kwathu kuno munthu wotere tikanati mutu wake sukuyenda bwino. Komabe agogo athu amene amatha kukuuzani kuti mabasi a UTM anali otani, kuti kenako kunabwera Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, ndipo basi ya kwawo inkafika dzuwa lili pati, akuchita zomwezo. Kabuku kawo kali m'mutu. Basi inali wotchi ya mudzi: ikadutsa, mayi adziwa kuti nthawi yoteleka madzi a nsima yakwana.

Tsopano ndikudziwa kuti wina mu ndemanga alemba kuti, "Aise, usakometsere umphawi. Mwana akukuwira galimoto ya eni ake chifukwa kwawo kulibe." Mawu amenewa ali ndi mano, ndipo sindiwathawa.

Tengani nkhani ya njanji. Njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, kenako inapitirira mpaka ku Mchinji, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia. Imadutsa m'minda ya anthu, ng'ombe zimaioloka, ana a sukulu amayenda pa zitsulo zake atatambasula manja. Koma sitima yonyamula anthu imene kampani ya CEAR imayendetsa ndi ya kummwera, ya ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Mlimi wa ku Chiwamba amene wabwera ndi mabelo ake ku okushoni ku Kanengo amaiona njanji ili apo, koma pobwerera akwera matola kapena kabaza. Pali achinyamata m'boma la Lilongwe amene akula, akwatira, osakwerapo sitima, njanji ili kuseri kwa nyumba. Ndiye kuwauza kuti "kuona n'kokwanira" kungakhale chipongwe. Sikokwanira ayi. Munthu ali ndi ufulu wofuna kuti chodutsacho tsiku lina chiime, chimutenge.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnzanga wa mu ndemanga uja. Iye akuganiza kuti mwana akakula nkusiya kukuwa "yanga", ndiye kuti wachenjera. Tamverani mawu amene amalowa m'malo mwake. Munthu wamkulu amati "ndi za boma izi", kapena "ndi za kampani". Ndipo mawu amenewa sanenedwa mwaulemu, amanenedwa ngati chilolezo. Za boma ndiye kuti ukhoza kumasula mabawuti a njanji nkukagulitsa kwa ogula zitsulo. Ukhoza kukumba mchenga pansi pa mlatho. Ukhoza kuzula chikwangwani cha pamsewu nkukhomera chitseko cha khola. Sindinamvepo mwana amene wangokuwa kuti "yanga" akutola mwala kuti aswe galasi la basi yakeyo. Amaibayibitsa. Akafika kunyumba amatola mawaya nkuipanganso, ndi matayala a zitsekerero za mabotolo, mpaka chiwongolero chachitali.

Ndiye pa anthu awiriwa, wonama ndani? Njanji ija ndi katundu wa dziko, misewu inamangidwa ndi misonkho ndi ngongole zimene tonse tikubweza, ngakhale mayi wogulitsa tomato pa Nsaru amene amadula msonkho wa pamsika tsiku lililonse. Mwana akati "yanga" akulakwitsa pa mapepala, koma ali pafupi ndi choonadi kuposa bambo ake amene akuti "si zanga".

Munaona zimene zinachitika mu 2024, sitima ya mafuta itafika ku Kanengo kuchokera ku Nacala patadutsa zaka zoposa 20? Zithunzi zinadzaza pa Facebook, anthu akuluakulu atatukula mafoni m'mwamba ngati kwabwera woimba. Ena anaseka kuti dziko lanji losangalalira sitima m'zaka zino. Mwina anali ndi mfundo. Koma ine ndinaona anthu amene kwa kanthawi kochepa anabwerera m'mbali mwa msewu muja, ndipo sindikhulupirira kuti munthu amene wajambula sitima ndi chimwemwe chotere angapite usiku womwewo ndi sipanala.

Palinso mbali ya inu amene mumakhala pa windo. Basi ikamadutsa pa Namitete, mwana wavala malaya ong'ambika paphewa, wakweza dzanja. Sakupempha. Sakukudziwani, ndipo simudzakumananso. Ambiri timayang'ana kumbali, ena timaganiza kuti akubayibitsa dalaivala osati ife. Zimatenga kamphindi kamodzi kukweza dzanja, ndipo mukatero amathamangira anzake akukuwa kuti munthu wa mu basi yake wamuyankha.