Make mbuu, mwana mbuu

Makolo athu ankati “make mbuu, mwana mbuu.” Ankatanthauza kuti mwana amatengera khalidwe la amene akumuona tsiku ndi tsiku, labwino kapena loipa. Utsogoleri nawo umayenda choncho. Palibe amene amabadwa akudziwa kuweruza mlandu kapena kugawa chimanga cha thandizo mwachilungamo. Amaonera kwa amene adamutsogolera.

Chipatala chachikulu cha boma la Phalombe chidatchedwa dzina la John Chilembwe. Mbusa ameneyu naye adali ndi womuonera. Mu 1892 adayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, yemwe ankaphunzitsa poyera kuti munthu wakuda ndi mzungu ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Mu 1897 Booth adapita naye ku America, ndipo atabwerako mu 1900 Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, n'kutsegula sukulu. Kulimba mtima kokana nkhanza za thangata kudamera pa zimene adaona ndi kumva ali mnyamata.

Lero ana a ku Migowi, kwa Nazombe ndi kwa Nkhulambe, m'boma la Phalombe, akuyang'ana mafumu, aphunzitsi, abusa ndi makhansala. Namondwe wa Freddy atasakaza midzi mu 2023, anawo adaona amene adathamangira kupulumutsa anzawo osawerengera mtundu kapena chipani. Zoterezi saziiwala.

Inu amene muli ndi udindo, ngakhale wa komiti ya mjigo, sungani ndalama za anthu mokhulupirika, mverani odandaula, nenani zoona. Mukuumba mtsogoleri wa mawa.